Mwana wanu akamalemba masewero, musafulumire kumulanda kope

Amayi anzanga, chaka choyamba chikamatha, ophunzira athu a unamwino ndi uzamba amapemphedwa kulemba masamba awiri kapena atatu ofotokoza zimene apindula m'phunziro la Chingerezi. Ambiri amangolemba zokondweretsa mphunzitsi kuti apeze malikisi. Koma chaka chatha mphunzitsi wa phunziroli anabwera ku ofesi kwanga atanyamula pepala la mtsikana wina, nkundiuza kuti ndiliwerenge ndisanapite kuwodi. Mwini wake wandilola kuti ndikufotokozereni zomwe analemba, bola ndisatchule dzina lake.

Mtsikanayu anayamba ndi kuulula kuti atangofika pasukulu pano ankaona phunziroli ngati lotayitsa nthawi. Chingerezi anali atakhoza kale bwino pa mayeso a MSCE, ndipo iye anadzera kubaya jakisoni ndi kuthandiza amayi pochira, osati galamala. Kenaka anafotokoza ntchito zitatu zomwe anapatsidwa m'chakacho ndi momwe iliyonse inamusinthira maganizo. Kumapeto kwenikweni, m'mizere itatu yokha, anatulutsa chakukhosi: akufuna kudzalemba mabuku ndi masewero a pawailesi, koma akuopa kuwauza mayi ake, omwe amagulitsa tomato ndi zitumbuwa kuti amupezere fizi.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli naye mwana wotere pakhomo, wokonda kulemba ndakatulo kuseri kwa kope la masamu, ndipo mumada nkhawa kuti sukulu imukanika. Ndiye tiyeni tione chimene ntchito zoterezi zimamuphunzitsa.

Ntchito yoyamba inali yosasangalatsa: kuwerenga nkhani ya masamba asanu nkuifupikitsa m'mizere khumi popanda kutaya mfundo yaikulu. Kuchipatala zolembedwa zathu zimakhala m'Chingerezi. Fayilo ya wodwala, mayina a mankhwala ndi milingo yake, kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu, pepala lotsatira momwe matenda a mayi akuyendera lomwe timalitcha patogirafu, ngakhalenso mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi omwe amapatsa munthu chilolezo chogwira ntchito, zonsezi ndi Chingerezi chokhachokha. Namwino wolowa usiku sanamuone mayi uja masana. Amadalira zomwe mnzake walemba ndi kumuuza m'mphindi zochepa posinthana.

Tiyerekeze kuti wamasanayo wangolemba kuti mayi akutaya magazi pang'ono. Pang'ono ndi ochuluka bwanji? Ife timati mayi wataya magazi moopsa akataya mamililita 500 kapena kuposerapo m'maola 24 oyamba atachira, omwe ndi ofanana ndi botolo la madzi la theka la lita. Wolemba bwino amanena nthawi, zitenje zomwe zanyowa, kugunda kwa mtima, BP, komanso ngati chiberekero chalimba kapena chili lendelende. Mtsikana uja analemba kuti anaimvetsa ntchito ya chidule ija tsiku lomwe sisitala wa muwodi anamubwezera lipoti lake kawiri chifukwa linali lalitali koma losanena kanthu.

Ntchito yachiwiri ndi yomwe inandikhudza ine. Aliyense anauzidwa kukacheza ndi munthu wachikulire patchuthi, kumufunsa za uchembere wakale, nkulemba zokambiranazo m'Chingerezi. Iye anacheza ndi agogo ake akuchikazi. Pomasulira ndiye anaona zakuda. Ife timati "matenda ayamba" pamene mayi wayamba kumva zowawa za kubereka, ndipo mwana akabadwa timati "wachira". Mukawatembenuza mawuwa limodzilimodzi, wowerenga Chingerezi aganiza kuti mayiyu anadwala malungo nkupeza bwino. Nanga chikuta muchitcha chiyani? Kumbali inayo, buku lathu lili ndi mawu akuti pre-eclampsia, vuto lomwe BP ya mayi woyembekezera imafika 140/90 kapena kuposerapo ndipo impso zimayamba kutaya zofunika m'mikodzo. Mawu amodzi a Chichewa onena vutoli palibe. Mayi sabwera kudzanena dzina la matenda. Amati mutu ukundiwawa kwambiri, m'maso mukuchita chidima, nkhope ndi manja zatupa. Wina amangoti mwana sakusewera lero. Mzamba ayenera kumva zimenezi m'Chichewa, kuzizindikira m'Chingerezi cha m'buku, nkubwereranso kwa mayiyo ndi mawu omwe angawamve popanda kumuopseza kapena kumunamiza. Ndakhala pantchitoyi zaka zambiri, koma kumasulira kumeneku ndimakuphunzirabe.

Pocheza paja agogowo anamuuzanso za mwanamphepo, mankhwala azitsamba omwe ena amamwetsa mayi kuti achire msanga. Mtsikanayu anali atamva kale m'kalasi kuti ndi oopsa. Chomwe sankadziwa nchakuti agogo akewo ankawapereka chifukwa cha mantha. Anaonapo mng'ono wawo akuvutika masiku awiri, chipatala chili kutali, ngolo palibe.

Apa mpomwe panachokera ntchito yachitatu, sewero la mphindi 15 lomwe analemba m'Chingerezi kuti apeze malikisi, kenaka nkulikonza m'Chichewa kuti akalionetse kuchidikiro. Poyamba analemba apongozi ankhanza ndi opusa, omwetsa mtengwa mwanamphepo mokakamiza. Anzake m'kalasi anaseka mpaka misozi. Koma atalionetsa kuchidikiro, amayi achikulire odikirira odwala anangoti zii, ena nkunyamuka kukasonkhezera moto kukhitchini. Anadziona akunyozedwa ndi mwana. Mtsikanayu analemba kuti usiku umenewo anakumbukira agogo ake, nkulembanso sewerolo. Apongozi aja anasanduka mayi wachikondi yemwe anataya mwana wake woyamba panjira ndipo sakufuna kuti zibwereze. Ulendo wachiwiri palibe anachoka, ndipo mafunso anatenga nthawi yaitali kuposa sewerolo.

Inenso ndinaikapo dzanja langa, chifukwa wolemba amakonda mathero okoma. Iye anafuna kuti mtengwayo apulumuke ndi jakisoni mmodzi. Ndinamuuza kuti zimenezo nzabodza, ndipo bodza la m'sewero la zaumoyo anthu amapita nalo kumudzi. Choopsa cha mankhwala ofulumizitsa matenda nchakuti chiberekero chimakokana mwamphamvu ndi mosalekeza khomo lake lisanatseguke mokwanira. Mwana amabanika, ndipo chiberekero chikhoza kuphulika, makamaka kwa mayi yemwe anachitidwapo opaleshoni kapena wabereka kambiri. Mphamvu ya chikho cha zitsamba palibe angaiyeze. Ngakhale ifeyo kuchipatala, tikafuna kuonjezera matenda ndi mankhwala a oxytocin timawaika m'diripi, timawerenga madontho, ndipo timamvetsera mtima wa mwana pafupipafupi. Choncho m'sewero lomaliza mtengwa uja anapulumuka ndi opaleshoni ndi magazi operekedwa ndi achibale, ndipo apongoziwo ndi omwe anauza azamba chilungamo cha zomwe anamwa. Mfundo imeneyi ndi yomwe ndinkaifuna kwambiri. Mayi akamwa zitsamba, tiuzeni msanga, sitikumenyani.

Tsono za chilakolako chake chodzakhala mlembi. Nditamuitana ndinamuuza za Grace Ogot wa ku Kenya, yemwe anaphunzira unamwino ku Mengo m'dziko la Uganda nkugwira ntchito ya unamwino ndi uzamba. Mayi ameneyu anatulutsa buku la The Promised Land mu 1966 ndi la nkhani zifupizifupi la Land Without Thunder mu 1968, ndipo analembanso m'chilankhulo chakwawo cha Chiluo. Zina mwa nkhani zake zimachitikira m'chipatala momwemo. Kwathu kuno ambiri a inu munamverapo sewero la Zimachitika pawailesi kapena kuonera Tikuferanji pakanema, ndipo mukudziwa kuti mabanja ena anayambira pamenepo kukamba za Edzi. Masewero amenewo amachita kulembedwa ndi anthu, ndipo wolemba yemwe anagonapo muwodi ya amayi ali ndi zambiri zoti anene.

Sindinamubisire mbali inayo. M'dziko muno mabuku a nkhani sagulidwa kwambiri, ndipo olemba ambiri ali ndi ntchito ina yowadyetsa. Ndinamuuza kuti chilolezo cha unamwino chiyambe chalowa m'manja, ndipo mayeso akayandikira kope la masewero lipume. Ndinamuchenjezanso pa chinsinsi cha odwala. Zomwe waona pabedi la munthu si zakezake. Sangazilembe mwanjira yoti achibale amuzindikire mwini nkhaniyo, kaya m'buku, kaya pa Facebook, kaya pagulu la WhatsApp. Namwino akhoza kulandidwa chilolezo pa mlandu wotere.

Kwa inu amayi, pempho langa ndi laling'ono. Mwana akabwera ndi ntchito ya Chingerezi, musati izo nza aphunzitsi ine sindinapite patali. Muuzeni akuwerengereni, kenaka akufotokozereni m'Chichewa. Akakanika, ndiye kuti nayenso sanaimvetse, ndipo mwamuthandiza kudziwa zimenezo mayeso asanafike. Akafuna munthu womufunsa za kale, khalani naye pamphasa mumuuze zoona, ngakhale zomwe simunyadira nazo. Akalowa gulu la zisudzo kusukulu kapena kuparishi, dziwani yemwe akuliyang'anira ndi nthawi yomwe amaweruka, ndipo pakutha pa teremu muone lipoti lake. Malikisi akatsika mpomwe pali nkhani yoti mukambirane.

Mtsikana uja tsopano ali chaka chachiwiri. Patchuthi chapitachi analimba mtima nkuwawerengera mayi ake sewero lija madzulo ali kukhitchini. Akuti anamvetsera mpaka kumapeto osalankhula, kenaka anamudzudzula kuti palibe mpongozi amene angamutchule mtengwa dzina lake pamaso pa anthu monga analembera iye. Anakonza pomwepo. Za mabuku ndi wailesi sanawauzebe.