Oyera a Chikhristu m'Nkhani za Anthu: Maliya wa Kubwalo ndi Maria wa ku Japan

Mphunzitsi amene atumizidwa kukagwira ntchito ku Senga Bay, m'boma la Salima, adzapeza ana a makomo osiyana atakhala pa benchi limodzi. Ena ndi ana a Akhristu, ena ndi ana a asodzi a Chisilamu, ndipo ena achokera ku midzi ya kumtunda kumene gule wamkulu ali wamphamvu. Tsono pa phunziro la nthano mwana wina akatchula dzina lakuti Maliya, anzake sadzamva chinthu chimodzi. Mkhristu adzakumbuka amake a Yesu. Msilamu adzakumbuka Mariamu, amene dzina lake lili pa sura ya 19 ya Kurani. Wachitatu adzakumbuka chilombo chija chovala chitenje ndi mpango, chimene chivina pabwalo pamodzi ndi amayi. Pamenepo wina aseka, wina akwiya, ndipo onse ayang'ana mphunzitsi. Kuti mudzadziwe choyankha, muyenera kuyamba mwamvetsa m'mene munthu woyera wa chipembedzo chachilendo amalowera m'nkhani za eni dziko.

Za kwathu kuno

Ansembe a chipani cha White Fathers anamanga mishoni ya Mua, pafupi ndi Mtakataka kum'mwera kwa Salima, m'chaka cha 1902. Iwo anaphunzitsa anthu mbiri za oyera, napatsa obatizidwa maina a oyerawo: Petulo, Yosefe, Maria. Koma posachedwa panabuka mkangano pakati pa sukulu ndi dambwe, pakuti onse awiri anafuna anyamata omwewo. Ansembe anati gule ndi wachikunja ndipo aletsa ana kuphunzira. Akulu a m'midzi anati sukulu ichotsa ana ku mwambo wa makolo. M'zaka za m'ma 1920 milandu yotere inafika mpaka kwa akuluakulu a boma.

Pa mkangano umenewu eni mudzi analibe mabuku kapena makina osindikizira, koma anali ndi bwalo. Kotero pabwalopo panaoneka zilombo zokhala ndi maina a m'tchalitchi. Simoni, amene atikumbutsa Simoni Petulo, ali ndi nkhope yofiira monga ya Mzungu wopsa ndi dzuwa. Maliya ali ndi nkhope yofatsa ya mayi. Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden, amene analemba za nkhondo ya nyau ndi mishoni m'chaka cha 1972, anafotokoza kuti imeneyi inali njira yokanira mphamvu ya alendo: chimene mlendo achiopa ndi kuchilemekeza, mwini mudzi achitenga nachivinitsa pa ng'oma yake.

Komatu nkhani siinathere pa kunyoza. Akulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma alendo awa anakhazikika. Popita kwa zaka Maliya anasanduka wa m'mudzi, wokondedwa ndi amayi, wosonyeza ulemu ndi kufatsa kumene kuyenera mkazi wa pabanja. Ndipo ku Mua komweko, kumene kunali mkangano, wansembe wochokera ku Canada, Bambo Claude Boucher, anayambitsa malo a KuNgoni m'chaka cha 1976, nasonkhanitsa zilombo mazana m'nyumba yosungiramo za makolo ya Chamare. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule wamkulu wa m'Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Za ku Japan

Mwina mudzayesa kuti zimenezi zinachitika kwa Achewa okha. Iai. Tiyeni tione dziko lakutali la zilumba, kum'mawa kwa China, kumene zinthu zinayenda mofanana zaka mazana atatu mishoni ya Mua isanamangidwe. Kumeneko zambiri zinalembedwa m'mabuku, ndipo chifukwa chake njira yake ioneka bwino.

Francis Xavier anafika ku Kagoshima m'chaka cha 1549. M'chaka cha 1591 ansembe a Chijezuiti anasindikiza ku Kazusa buku la mbiri za oyera m'chinenero cha Chijapani, lotchedwa Sanctos no Gosagueo. Pakati pa nkhani zake panali ya Barlaam ndi Josaphat, yonena za mwana wa mfumu wa ku India amene anasiya chuma cha atate wake kuti afune choonadi. Akatswiri anazindikira pambuyo pake kuti nkhaniyi inachokera ku mbiri ya Buddha, ndipo inayenda m'zinenero zambiri kufikira inavala malaya a Chikhristu ku Ulaya. Taonani chodabwitsa: ansembe anabweretsera Ajapani, amene ambiri anali Abuda, mphunzitsi wawo yemwe ali ndi dzina lina.

Pambuyo pake olamulira anayamba kuopa chipembedzo chatsopanocho. Pa 5 February 1597 Akhristu 26 anapachikidwa ku Nagasaki, ndipo m'chaka cha 1614 Chikhristu chinaletsedwa m'dziko lonse. M'zaka za 1637 ndi 1638 alimi a ku Shimabara ndi Amakusa, ambiri a iwo Akhristu, anaukira chifukwa cha misonkho yowawa ndi mazunzo, motsogozedwa ndi mnyamata dzina lake Amakusa Shiro. Anagonjetsedwa naphedwa pafupifupi onse. Chaka chotsatira, 1639, kunatuluka kabuku kotchedwa Kirishitan Monogatari, ndiko kunena Nthano ya Akhristu. M'menemo wansembe aoneka ngati chilombo cha mphuno yaitali ndi maso aakulu, chonyenga osauka ndi odwala. Ndipo m'nkhani zopeka ndi m'masewero a pambuyo pake, Mkhristu anasanduka mfiti yofuna kulanda dziko ndi matsenga. Uyu ndiye Simoni wa ku Japan: mlendo monga amuonera amene amuopa.

Koma panalinso ena. M'midzi ya asodzi ya ku Sotome ndi pa zilumba za Goto, Akhristu anabisala zaka zoposa mazana awiri opanda wansembe. Anasunga mafano a Kannon, amene Abuda amlemekeza chifukwa cha chifundo, napemphera pamaso pawo alikuganiza za Maria. Anasunganso nkhani yawo yotchedwa Tenchi Hajimari no Koto, Chiyambi cha Kumwamba ndi Dziko. M'nkhani imeneyi Maria atchedwa Maruya, ndipo ndi namwali wa ku Roson, ndiko ku Luzon m'dziko la Philippines. Mfumu ya kumeneko imfunsira ukwati, iye akana, ndipo posonyeza kuti ali wa Mulungu agwetsa chipale chozizira m'nyengo yotentha. Zimenezi mulibe m'Baibulo. Anthu okhala ndi mantha, opanda buku, anaumba Maria ndi dothi la kwawo kuti asamtaye. Anadziulula kwa wansembe Bernard Petitjean ku tchalitchi cha Oura ku Nagasaki m'chaka cha 1865, ndipo zikwangwani zoletsa Chikhristu zinachotsedwa m'chaka cha 1873.

Chimene tiphunzirapo

Poyerekeza maiko awiriwa tiona kuti woyera mmodzi akhoza kukhala ndi nkhope zitatu. Yoyamba ndi ya m'buku la mishoni, yolembedwa kuti owerenga amtsanze. Yachiwiri ndi ya otsutsa, yokuza mphuno kapena kufiira kwa khungu kuti anthu aseke ndi kuleka kuopa. Yachitatu ndi ya anthu amene amlandira, namuveka zovala zawo ndi kumpatsa ntchito ya m'mudzi mwawo. Maliya wa kubwalo anayamba ndi nkhope yachiwiri nafika pa yachitatu. Kotero pomva nkhani iliyonse ya mtundu umenewu, funso loyamba lisakhale lakuti, Kodi izi n'zoona? Muyambe mwafunsa kuti, Anaikamba ndani, liti, ndipo anafuna kuteteza chiyani?

Ntchito ya mphunzitsi

Pobwerera ku benchi lija la ku Senga Bay, pali zinthu zinayi zoti muzisunge.

Choyamba, vomerezani kuti ana atatuwo anena zoona onse, yense monga anamvera kwawo, ndipo muwauze kuti dzina limodzi layenda njira zitatu.

Chachiwiri, musalole kuti mwana aseke chimene mnzake achilemekeza, ndipo inu nomwe musatchule mwambo wa makolo a mwana kuti ndi wa mumdima. Mwana wonyozedwa pamaso pa anzake sabweranso ku sukulu ndi mtima wonse.

Chachitatu, musafunse ana za kudambwe. Zimene zioneka pabwalo masana n'za onse, ndipo mukhoza kuzikamba. Zotsalazo zili ndi eni ake, ndipo mphunzitsi wozifukula adzadana ndi mudzi wonse.

Chachinayi, gwiritsani ntchito nkhani ya Maruya wa ku Roson m'makalasi apamwamba. Popeza ichokera kutali, ana adzaikamba opanda mkwiyo. Afunseni chifukwa chimene asodzi aja anasinthira nkhaniyo, kenaka muwatume akafunse agogo awo nthano imodzi imene muli mlendo, Mzungu, Mwarabu kapena Mngoni, ndipo ailembe m'Chichewa chabwino monga anaimvera. Poziwerenga m'kalasi, ana adzaona okha m'mene makolo athu ankalandirira alendo, kuwaseka ndi kuwasandutsa abale.