Ubwino ndi kuipa kwa malaputopu opindika otsika mtengo

Malaputopu omwe amapindika n'kusanduka tabuleti, monga Lenovo Yoga yomwe idatuluka mu 2012, tsopano akupezekanso pa mtengo wotsika.

Makinawa ndi opepuka ndipo amathandiza ogwira ntchito m'boma kuwerenga malipoti pamisonkhano pongokhudza sikirini ndi chala.

Komabe, ambiri otsika mtengo amakhala ndi RAM ya 4GB yomatiriridwa m'kati, yosatheka kuwonjezera, komanso malo osungira mafayilo a 64GB okha. Apa m'pomwe zofuna za Windows 11 zimayambira, choncho makinawo amachedwa mapologalamu akatsegulidwa ambiri. Sikirini yokhudza ikasweka, kusinthitsa kwake kumadula kuposa sikirini wamba.

Ogula ndi bwino asankhe ya 8GB, ndipo apewe yongoyendera Windows 10, yomwe Microsoft idasiya kuisamalira mu Okutobala 2025.