Cheke cha mu Malichi si mphatso ayi

Abale amene muli pantchito kuno ku America, mukalandira cheke kuchokera ku 401(k) yanu cha mu Malichi, musathamangire kukondwa. Kawirikawiri ndiye kuti thumba la penshoni la kuntchito kwanu lalephera mayeso amene IRS imalamula.

Mayesowa, otchedwa ADP, amaonetsetsa kuti thumbalo lisakondere olandira ndalama zambiri. Pa mayeso a chaka cha 2026, amenewa ndi omwe analandira zoposa $160,000 mu 2025, kapena eni ake a gawo loposa 5 peresenti la kampani. Antchito wamba akamasunga 3 peresenti ya malipiro awo pa avareji, akuluakuluwo sayenera kupitirira 5. Amene ali woyenera kulowa koma sanalowe amawerengedwa kuti wasunga ziro, motero amatsitsa gulu lonse.

Zikalephereka, njira zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba, olandira zambiri amabwezeredwa zimene anapyola nazo malire, ndipo amakhomapo msonkho m'chaka chimene azilandira. Kumene chaka cha thumba chimatha mu Disembala, kampani ikachedwa kupyola pa 15 Malichi imalipira chindapusa cha 10 peresenti. Yachiwiri, kampani imathira ndalama zake, zotchedwa QNEC, m'maakaunti a antchito wamba. Zimenezi ndi zanu zonse, ngakhale mutasiya ntchito mawa.

Choncho madokotala ndi anamwino athu olandira bwino, patulani ya msonkho chekecho chisanathe. Enafe tisamataye makalata a 401(k) osawerenga, mwina muli ndalama zathu.