Golide wa M'masewera: Wothandiza Alandire Zingati?

Ife a ku Mulanje timaidziwa sikelo ya m'minda ya tiyi. Imapima masamba amene munthu wathyola, koma siona amene anadulira mitengoyo kapena kupalira udzu. Vuto lofanana ndi limeneli lakhala likuzunguza mitu anthu opanga masewera a pa intaneti oseweredwa m'matimu.

Titenge League of Legends, masewera amene kampani ya Riot Games inatulutsa mu 2009. Timu iliyonse imakhala ya anthu asanu, ndipo aliyense amafunika golide, ndalama za m'masewerawo, kuti agule zida. Golide wambiri amachokera ku tiasilikali ta adani, koma amapita kwa yekhayo amene wamalizitsa kupha kasilikaliko. Tsono pali wosewera wina wotchedwa support, kapena kuti wothandiza. Iyeyu amateteza mnzake, kumuchiritsa, ndi kumusiyira tiasilikali tonse kuti mnzakeyo alemere msanga. Pa zaka zoyambirira, kandalama kamene wothandiza ankapeza kankathera pa ma ward, tizipangizo tounikira malo amene adani angabisale. Masewera ankatha iye alibe chida chooneka, pamene anzake ali ndi zida zodula. N'zosadabwitsa kuti ambiri ankaithawa ntchitoyi.

Kumapeto kwa 2013 Riot inasintha malamulo. Inabweretsa zida zapadera zopatsa wothandiza golide popanda kulanda chakudya cha mnzake. Inapatsanso wosewera aliyense kounikira kaulere, n'kuika malire akuti munthu mmodzi asatchere ma ward wamba oposa atatu nthawi imodzi, kuti ntchito younikira isakhalenso mtolo wa munthu mmodzi. Kampani ya Valve nayo, mu November 2019, inachotsa mtengo pa ma ward oonera adani m'masewera ake a Dota 2.

Koma pomwe pali uchi ntchentche sizichedwa. Mu 2019 osewera ena omwe sanali othandiza anayamba kugula chida cha wothandiza, n'kumapeza golide pongolasa mdani wawo, osalabadira tiasilikali. Riot inamangitsa malamulo: chidacho chinayamba kufuna kuti mnzako akhale pafupi, ndipo pambuyo pake wochigula akapha tiasilikali tambiri, golide wake ankachepetsedwa.

Mwina tingafunse kuti bwanji osangogawa golide mofanana kwa onse asanu. Ife tikuona kuti pamenepo masewerawo angasukuluke. Wosewera woponya mivi amakhala wofooka poyamba, ndipo mphamvu zake zimadalira zida zodula. Wothandiza ali ndi luso logwira mdani kapena kutchinjiriza mnzake ngakhale m'thumba muli mochepa. Choncho opanga masewera amayesa kumupatsa zokwanira kuti nayenso agule kanthu, koma osati zochuluka moti n'kukopa amene akungofuna njira yachidule. Mpaka pano akusinthabe: mu 2024 Riot inachotsa zida zakale za wothandiza zija n'kuika chimodzi chokha, World Atlas.