Nkhuku ya chinanazi imene imapsa yokha inu muli ku ntchito

Kwathu kuno chipatso ndi chipatso, ndiwo ndi ndiwo. Mango timadyera pansi pa mtengo, chinanazi timagula pamsewu wa ku Mulanje n'kukasenda kunyumba, basi. Mukauza munthu wamkulu kuti mwathira chinanazi mu nkhuku, amakuyang'anani ngati mwawononga ndalama. Komatu ine iyi ndi ndiwo imene ndimaphika kawiri pa mwezi, ndipo yandichepetsera zogula chipisi madzulo chifukwa chofika kunyumba nditatopa.

Kaphikidwe kameneka n'kochokera ku America, kumene amakatcha Hawaiian chicken. Dzinali lisakupusitseni. Chinanazi kwawo ndi ku South America. Ku Hawaii chinatchuka James Dole atayambitsa kampani yake mu 1901 n'kuyamba kuchigulitsa m'zitini m'dziko lonse la America. Kuchokera apo, chakudya chilichonse chokhala ndi chinanazi anthu amangoti "Hawaiian". Ngakhale pizza ya chinanazi ija inayambira ku Canada mu 1962, eti.

Mphika wake, slow cooker, nawonso uli ndi mbiri. Irving Naxon wa ku Chicago anaupanga atamva nkhani ya ndiwo ya nyemba ya Ayuda a ku Lithuania, imene inkapsa pang'onopang'ono usiku wonse mu uvuni wa buledi wozirala, kuti pa Sabata asakoleze moto. Mu 1971 kampani ya Rival inayamba kuugulitsa ndi dzina loti Crock-Pot, nthawi imene amayi ambiri a ku America ankayamba ntchito zolembedwa. Vuto lawo ndi lathu lomweli: uchoke m'mawa, ubwere kutada, pakhomo pakhale chakudya.

Anthu ambiri amaopa kuti mphika woyaka tsiku lonse umaliza mayuniti. Tiyeni tiwerenge. Slow cooker yapakatikati imadya mawatsi pafupifupi 200. Ikayaka maola 6 ndiye kuti yadya yuniti imodzi ndi pang'ono, zofanana ndi mbale imodzi ya hotplate itayaka ola limodzi lokha.

Pa nyama, ine ndimasankha ntchafu. Zili ndi mafuta komanso mitsempha imene imasungunuka ikaphikidwa nthawi yaitali, ndiye nyama imafewa koma osauma. Nyama ya pachifuwa ya nkhuku zoyera zija siichedwa kusanduka ulusi wouma. Ndipo apa mpamene nkhuku ya lokolo imaonetsa ukatswiri wake. Tambala wokalamba amene amatha makala theka la jumbo, mu slow cooker amagonja yekha. Ntchafu za nkhuku yoyera zimafuna maola 5 kapena 6 pa Low, ya lokolo ipatseni 8.

Pa kilogalamu imodzi ya nkhuku ndimayala anyezi mmodzi wamkulu pansi pa mphika, nyama yochotsa khungu pamwamba pake. Kenako adyo tizidutswa titatu tosinja, jinja wofanana ndi chala chachikulu, masipuni atatu a soy sauce, sipuni imodzi ya shuga wabulawuni, madzi a ndimu limodzi, ndi kambuzi mmodzi wathunthu. Kambuziyo musamudule, mungomuboola ndi mpeni, kuti apereke fungo popanda kuliza ana. Mchere dikirani kaye chifukwa soy sauce ali nawo kale wambiri. Madzi musathire. Ndikudziwa kuti dzanja limayabwa, koma mphikawu sutaya nthunzi, ndipo nkhuku ndi chinanazi zimatulutsa msuzi wokwanira.

Tsono nkhani yaikulu ili pa chinanazicho. Chachiwisi chili ndi bromelain, kanthu kamene kamaphwanya mapulotini. N'kamene kamachititsa kuti lilime lizithethera mukadya chinanazi chambiri. Kutentha kumakapha, koma slow cooker imatenga nthawi kuti itenthe, ndiye m'maola oyambirirawo bromelain amakhala ali kalikiliki kudya nkhuku yanu. Mapeto ake nyama imakhala phala. Maphikidwe ambiri a pa YouTube sanena zimenezi chifukwa iwo amagwiritsa ntchito chinanazi cha m'chitini, chimene chinaphikidwa kale. Ife amene tili ndi chachiwisi chotchipa tingochita izi: dulani makapu awiri a chinanazi, muwiritse mu poto mphindi zisanu ndi madzi ake omwe, kenako muthire mu slow cooker. Papaya wosapsa ali ndi khalidwe lomweli, mwinanso kuposa, choncho musamuyese n'komwe.

Mango ndi wa kumapeto. Akakhala m'mphika maola onsewo amasungunuka, kukoma kwake n'kusowa. M'nyengo yake, kuyambira Novembala mpaka Januwale, ndimadula mango mmodzi wopanda ulusi wambiri n'kuthira kutatsala mphindi 20. Wongoyezuka kumene, wowawasirako, ndiye wabwino kuposa wakupsa kwambiri.

Mukavundikira, siyani. Kusuzumira kulikonse kumataya kutentha ndipo kumachedwetsa ndiwo. Nthawi ikakwana tulutsani nyama, chotsani mafupa, muinyenye ndi mafoloko awiri. Ikamalimbalimba ndiye kuti sinapse, ibwezereni. Msuzi uja umakhala wamadzimadzi, ndiye ndimautsanulira mu poto n'kuuwiritsa mphindi khumi mpaka ugwirane, kenako n'kubwezeramo nyama. Lawani apa. Ikatsekemera kwambiri, ndimu ndi mchere ndiwo mankhwala.

Pali zinthu ziwiri zimene sindichita nazo nthabwala. Choyamba, nkhuku youma ndi ayisi isalowe mu slow cooker. Imakhala nthawi yaitali ili yofunda chabe, pakati pa madigiri 5 ndi 60, pamene tizilombo ngati salmonella timaswana msanga. Isungunukire mu firiji usiku. Nkhuku yakupsa bwino imafika madigiri 74 mkati mwake. Chachiwiri ndi magetsi. Akazima muli pakhomo, samutsirani ndiwo mu poto nthawi yomweyo, mumalizire pa mbaula kapena pa gasi. Koma mukafika madzulo n'kupeza mphika wazizira, nyama yosapsa, osadziwa kuti anazima nthawi yanji, itayeni. Zimapweteka, nkhuku yadula masiku ano, koma kutsegula m'mimba kwa banja lonse n'kodula kuposa. N'chifukwa chake nyengo imene magetsi akuvuta ndimaphika usiku kapena Loweruka ndili pakhomo.

Nanga kudyera chiyani? Mpunga wa Kilombero ndiye mnzake weniweni. M'mabanzi kapena mu chapati, ndi kabichi wosaphika wodula mopyapyala, imakhala kamba wabwino wa ku ntchito. Yotsala imakhala masiku atatu mu firiji, ndipo potenthetsa gwiritsani ntchito poto, osati slow cooker.

Ndi nsima ndiye ayi, siziyenda. Azakhali anga atabwera kudzacheza anaumirira kuti iwo mpunga sakhuta, ndipo ndinawaphikira nsima yawo. Anadya mbamu ziwiri mwakachetechete, kenako anati, "Mwanawe, nyamayi yafewa bwino, koma chipatsochi ukanandipatsa padera." Tsiku limene iwo akubwera ndimachotsa shuga, chinanazi n'kuchepetsa kufika kapu imodzi, n'kuwonjezera tomato awiri.