Chiyidishi ndi Osonkhanitsa Mawu: Phunziro kwa Mphunzitsi wa Kumudzi

Mphunzitsi amene adzayamba ntchito m'chigwa cha Domasi adzapeza ana ambiri amene kwawo alankhula Chiyao, koma m'kalasi aphunzira m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Tsono kuti adziwe chochita nacho chinenero cha kunyumbacho, kuyenera kuti amve mbiri ya Chiyidishi, chinenero cha Ayuda a ku Ulaya.

Chiyidishi chinayamba zaka monga 1,000 zapitazo. Tsinde lake ndi Chijeremani chakale, koma chinatolanso mawu a Chihebri ndi a zinenero za ku Poland ndi Russia, ndipo chilembedwa ndi malemba a Chihebri, kuyambira kumanja kunka kumanzere. Pakuti Chihebri ndicho chinali cha mapemphero ndi cha mabuku aakulu, ambiri anapeputsa Chiyidishi, nachiyesa chilankhulo cha kumsika chabe. Ngakhale Ayuda a ku Lithuania amene anasamukira ku South Africa anavutika nacho, popeza lamulo la ku Cape la 1902 linafuna kuti mlendo alembe m'malemba a ku Ulaya. M'chaka cha 1906 mpamene boma linavomera kuti Chiyidishi nachonso nchinenero cha ku Ulaya.

M'chaka cha 1925 Max Weinreich ndi anzake anayambitsa nyumba ya maphunziro a Chiyidishi, dzina lake YIVO, mumzinda wa Vilna, umene lero utchedwa Vilnius. Iwo sanadalire anthu ophunzira okha ayi. Anapempha aphunzitsi a m'midzi, ana a sukulu ndi amisiri kuti alembe miyambi, nyimbo, nthano ndi mawu onse amene anamva pakati pa anthu, natumize zonsezo ku Vilna. Anthu otere anawatcha zamler, ndiko kunena wosonkhanitsa.

Phindu la ntchitoyi linaoneka pa nthawi ya tsoka. Isanabuke nkhondo yaikulu ya 1939, olankhula Chiyidishi anali monga 11 miliyoni. Anazi a Hitler anapha Ayuda 6 miliyoni, ndipo mwa iwo monga 5 miliyoni anali eni chinenerochi. Ku Vilna Ayuda ena anakakamizidwa kusankha mabuku oti apite ku Germany ndi oti aonongedwe. Koma wolemba ndakatulo Abraham Sutzkever ndi anzake anabisa mapepala m'zovala zawo, nawatulutsa mobisa, podziwa kuti akagwidwa adzaphedwa. Likulu la YIVO linasamukira ku New York m'chaka cha 1940, ndipo masamba ena 170,000 amene anabisidwa anapezeka ku Vilnius m'chaka cha 2017.

Chinenero chonyozekacho chinalandira ulemu pamene Isaac Bashevis Singer, wolemba nthano m'Chiyidishi, anapatsidwa mphoto ya Nobel m'chaka cha 1978. Kuyambira 1980 Aaron Lansky anatola mabuku a Chiyidishi amene zidzukulu zinali kutaya posadziwa kuwawerenga, ndipo nyumba yake ya ku Amherst inapulumutsa oposa 1 miliyoni. Komatu ana oyamwa Chiyidishi ali makamaka m'mabanja a Ayuda opemphera otchedwa Hasidim, ku Brooklyn, Jerusalem ndi Antwerp, kumene mayi achilankhulabe kwa mwana wake. Motero zioneka kuti mabuku asunga chinenero monga nkhokwe isunga chimanga, koma mbewu ikapanda kubzalidwa simera.

Chiyao nachonso chili ndi osonkhanitsa ake. Alexander Hetherwick, amene anakhala pa mishoni ya Domasi, anatulutsa buku lophunzirira Chiyao m'chaka cha 1889, ndipo Yohanna Abdallah analemba mbiri ya mtundu wake, Chiikala cha Wayao, imene inasindikizidwa m'chaka cha 1919. Chichewa chitakhala chinenero cha dziko lonse m'chaka cha 1968, Chiyao chinatsalira pakhomo, kufikira 1996 pamene chinayamba kumveka m'nkhani za pa wailesi ya MBC.

Chifukwa chake mphunzitsi ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba, asachititse mwana manyazi polankhula Chiyao, pakuti mwana wosekedwa lero ndiye kholo limene silidzaphunzitsa ana ake chinenerocho. Yachiwiri, akhale ndi kabuku kolembamo miyambi, zilapi ndi maina a mitengo, pamodzi ndi mudzi ndi tsiku limene anazimva. Ayambe ndi nkhalamba za pafupi ndi sukulu yake, zisanapite nazo nzeru zawo kumanda.