Kodi mumadziwa? Utsi wa galimoto umalemera kuposa petulo

Lita imodzi ya petulo ikapsa mu injini imatulutsa mpweya wa carbon dioxide wolemera pafupifupi makilogalamu 2.3. Petuloyo payekha safika n'komwe kilogalamu imodzi. Kulemera kwinako kumachokera ku okosijeni amene injini imakoka. Choncho thanki ya malita 50 imatulutsa makilogalamu oposa 110, kuposa matumba awiri a chimanga.

Musadalire catalytic converter ya kunsi kwa galimoto kuti ichepetse mpweyawu. Iyo imasandutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide kukhala carbon dioxide yemweyo, wotenthetsa dziko uja.

Mankhwala ogwira mpweyawu alipo. A mtundu wa amine amaumwa akazizira n'kuulavula akatenthedwa, ndipo kutenthako kungachokere ku ekizozi komweko. Mu 2011 kampani ya Saudi Aramco inayesa zogwira mpweyawu pa Ford F-250 n'kugwira 10 peresenti. Mu 2013, pa Toyota Camry, inafika 25 peresenti.

Povuta kwenikweni ndi posungira. Mpweya wogwidwawo uyenera kupanikizidwa m'thanki ina, galimoto izilemera nawo ulendo wonse mpaka pokatsitsa, ndipo kupanikizako kumadyanso mafuta.